Avereji ya malikisi ili ndi mtengo: wophunzira aliyense adziwe kudziwerengera yekha

Aphunzitsi anzanga, ndiyambe ndi zimene zidachitika m'kalasi mwanga, chifukwa ndi zomwe zandichititsa kulemba maganizo awa.

Ndimaphunzitsa anthu akuluakulu kulemba, kuwerenga ndi kuwerengera m'holo ya tchalitchi china ku Mamelodi, kum'mawa kwa mzinda wa Pretoria. Timakumana Lamulungu masana poti ambiri mwa ophunzira anga ndi amayi ogwira ntchito m'nyumba za anthu ndi abambo osamalira maluwa m'mayadi. Ambiri ndi ochokera kwathu ku Malawi, ena ku Chipata, ena ku Tete. Tsiku lina m'mwezi wa Julaye, mayi wina adabwera ndi mwana wake, mnyamata wa zaka 21 amene amaphunzira pakoleji ina mumzinda muno.

"Aphunzitsi, tamuthandizani mwana wanuyu," adatero mayiwo. "Akuti wawerenga kuti ukamakhoza bwino kusukulu a inshuwalansi ya galimoto amatsitsa mtengo. Nanga bwanji am'bweza?"

Nkhani yake idali yotere. Amalume ake pobwerera kumudzi ku Dedza adamusiyira kagalimoto kakale. Atafunsa mtengo wa inshuwalansi adaupeza wokwera kwambiri chifukwa cha msinkhu wake. Ndiye adatenga pepala la zotsatira za mayeso n'kupita nalo ku ofesi ina ya inshuwalansi. Kumeneko adamuuza mwaulemu kuti iwo sayang'ana malikisi.

"Chonsecho avereji yanga ndi 66, aphunzitsi," adadandaula motero.

Ndidatenga pepalalo n'kuwerengera. Ndidapeza 63. Nditamuuza, nkhope yake idagwa, ndipo za galimoto zidathera pomwepo. Bungwe limene limamulipirira fizi lidamuuza kuti chaka chikamatha avereji yake isatsike pa 65. Iye ankadziona ngati ali pamwamba pa mzere pamene adali pansi pake.

Mfundo yanga ndi imodzi. Masiku ano avereji ya malikisi imagula zinthu: malo kuyunivesite, thandizo la fizi, ndipo m'mayiko ena ngakhale inshuwalansi yotsika mtengo. Ngati nambala ili ndi mtengo chotere, wophunzira asatuluke m'manja mwathu asakudziwa kuiwerengera yekha, ndiponso asakudziwa kufunsa kuti amene akuifunayo amaiwerengera bwanji. Kumusiya osadziwa zimenezi kuli ngati kutuma mwana kumsika ndi ndalama zimene sadziwa kuwerenga.

Kumene nkhani ya inshuwalansiyi idachokera

Zimene mnyamata uja adawerenga si zabodza ayi, koma ndi za ku America. Kumeneko m'zigawo zambiri mwana amatha kutenga laisensi ali ndi zaka 16, pamene kuno ku South Africa laisensi ya galimoto yaing'ono imayambira zaka 18. Makampani a inshuwalansi amalipiritsa achinyamata ndalama zambiri chifukwa ngozi zimachuluka pakati pa madalaivala ongoyamba kumene. Pofuna kusiyanitsa achinyamatawo, makampani ambiri amachotserako mtengo kwa amene akukhoza bwino m'kalasi. Kawirikawiri amafuna kuti munthu akhale wosapitirira zaka 25, akhale wophunzira wa tsiku lonse, ndipo avereji yake ifike pa giredi B. Kampani ya State Farm, mwachitsanzo, imalengeza kuti imatha kuchotsera mpaka 25 peresenti.

Avereji imeneyi amaitcha GPA. Giredi A amaipatsa mapointi 4, B mapointi 3, C mapointi 2, D pointi 1, ndipo F sapeza kanthu. Choncho avereji ya B ndi 3.0. Koma sangophatikiza mapointiwo n'kugawa ayi. Phunziro lililonse lili ndi kulemera kwake, malinga ndi maola amene limatenga. Tiyerekeze wophunzira amene wapeza A pa phunziro lolemera 3, B pa lolemera 4, B pa lolemera 3, ndi C pa lolemera 4. Akangophatikiza 4, 3, 3 ndi 2 n'kugawa ndi 4, apeza 3.0 ndipo asangalala. Koma akachulukitsa giredi iliyonse ndi kulemera kwake apeza 12, 12, 9 ndi 8. Zonse pamodzi ndi 41. Akagawa 41 ndi 14, komwe ndi kulemera konse, apeza 2.93. Waperewera pang'ono chabe, koma kuchotsera kuja kwamudutsa.

Kuno ku Joni makampani amayang'ana zina: msinkhu wa dalaivala, zaka zimene wakhala ndi laisensi, mtundu wa galimoto, kumene imagona usiku, ndiponso ngati adachitapo ngozi. Dalaivala wosafika zaka 25 nthawi zambiri amamuonjezera ndalama zimene ayenera kulipira yekha ngozi ikachitika. Choncho mnyamata uja adalakwitsa kawiri. Adatenga lamulo la dziko lina, ndipo adawerengera avereji mwa njira yolakwika. Cholakwa choyamba chidangomutayitsa ndalama ya minibasi. Chachiwiri chikadamutayitsa sukulu.

Tiwerengere limodzi

Tengani pensulo. Pepala la mnyamata uja lidali ndi maphunziro anayi:

Masamu: malikisi 54, makirediti 24
Akawunti: malikisi 60, makirediti 24
Chingerezi: malikisi 78, makirediti 12
Kompyuta: malikisi 72, makirediti 12

Apa pasasokonekere. Kirediti imeneyi si ija timaidziwa pa satifiketi ya MSCE. Kuno kirediti ndi muyeso wa kukula kwa phunziro, ndipo kirediti imodzi imaimira maola 10 a ntchito ya wophunzira. Inu amene mukuphunzira ndi Unisa mwaona kale kuti maphunziro ambiri a digiri yoyamba ali ndi makirediti 12, kutanthauza maola 120.

Mnyamatayo adaphatikiza 54, 60, 78 ndi 72 n'kupeza 264. Atagawa ndi 4 adapeza 66. Samu yake idali yolondola, koma yoyankha funso lina. Njira imene makoleji amatsata ndi iyi: chulukitsani malikisi a phunziro lililonse ndi makirediti ake, phatikizani mayankhowo, kenaka gawani ndi makirediti onse. Masamu atipatsa 1,296. Akawunti itipatsa 1,440. Chingerezi chitipatsa 936. Kompyuta itipatsa 864. Zonse pamodzi ndi 4,536. Makirediti onse ndi 72. Tikagawa 4,536 ndi 72 tipeza 63. Umu ndi mmenenso University of Pretoria imafotokozera GPA m'mabuku ake a malamulo.

Tsono taonani phindu la kudziwa samu imeneyi. Kuti avereji ifike pa 65 pamafunika 4,680, ndiye kuti padaperewera 144. Pa Masamu, 144 ameneyu ndi malikisi 6 okha. Pa Chingerezi ndi malikisi 12. Mnyamatayo ankathera nthawi yambiri pa Chingerezi chifukwa ndi chimene chinkamukomera, osadziwa kuti malikisi a Masamu amalemera kawiri. Samu imeneyi imamuuza wophunzira kumene ayenera kuika maola ake.

Mwina mukuti izi n'zovuta kwa ana. Ine ndikuti ayi. Pamene ndinkaphunzira njira ya REFLECT, imene bungwe la ActionAid lidayamba kuiyesa mu 1993 ku Uganda, Bangladesh ndi El Salvador potsatira maganizo a Paulo Freire, chachikulu chimene adatiphunzitsa n'chakuti tiziyambira pa zimene munthu akudziwa kale. Tsiku lomwelo ndidafunsa kalasi kuti: "Mwapita kukapikula tomato ku Marabastad. Mwagula mabokosi awiri pa R54 lililonse, ena awiri pa R60, limodzi pa R78, lina pa R72. Kodi bokosi limodzi lakudyerani zingati?" Mayi wina wogulitsa masamba, amene dzina lake adaphunzira kulemba chaka chomwecho, adayankha asadagwire n'cholembera chomwe: "Zonse ndi R378, mabokosi ndi sikisi, ndiye ndi R63 basi." Palibe wamalonda amene angaiwale kuti mabokosi ena adagula awiriawiri. Samu imene idagonjetsa mnyamata wa kukoleji, mayi wa kumsika amaichita tsiku ndi tsiku. Vuto si mitu ya ana athu. Vuto ndi lakuti timawaphunzitsa avereji ya mtundu umodzi wokha, ndipo timawaphunzitsa ndi manambala opanda mwini.

Nambala ikadutsa malire imasintha tanthauzo

Chinthu chachiwiri chimene tiyenera kuphunzitsa ndi chakuti nambala payokha silankhula. Imafuna munthu adziwe muyeso umene yachokera.

Bambo wina wa m'kalasi mwanga adafika tsiku lina ali wokhumudwa. Mwana wake wamkazi, amene adalemba mayeso a matiriki konkuno, adamuuza kuti wapeza mapointi 36. Bamboyo adakulira ku Malawi, kumene mayeso a MSCE a bungwe la MANEB amayambira giredi 1 mpaka 9, ndipo 1 ndiye wapamwamba. Amaphatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino, kotero kuti wanzeru kwambiri amapeza mapointi 6. Kwa bamboyo, 36 adali mwana amene wangopulumukira pakamwa pa ng'ona. Ku Zambia nakonso giredi 1 ndiye wapamwamba pa mayeso a Giredi 12.

Koma kuno zinthu n'zotembenuza. Chiyambire 2008, pamene satifiketi ya National Senior Certificate idayamba, malikisi amaikidwa m'magawo asanu ndi awiri. Kuyambira 80 mpaka 100 ndi gawo 7; 70 mpaka 79 ndi gawo 6; 60 mpaka 69 ndi gawo 5; 50 mpaka 59 ndi gawo 4; 40 mpaka 49 ndi gawo 3; 30 mpaka 39 ndi gawo 2; ndipo osafika 30 ndi gawo 1. University of Pretoria imaphatikiza magawo a maphunziro asanu ndi limodzi, kusiya phunziro la Life Orientation, n'kupeza nambala yotchedwa APS, imene mapeto ake ndi 42. Choncho mtsikana wa mapointi 36 uja adakhoza bwino zedi. Atate ake ankalira pamene ankayenera kugula nkhuku. Anzathu a ku Tete nawo ali ndi muyeso wawo, woyambira 0 mpaka 20, ndipo wokhoza amayambira pa 10.

Palinso china chobisika mu APS. Taganizirani ana awiri. Woyamba wapeza 70, 70, 70, 60, 60, 60. Wachiwiri wapeza 69, 69, 69, 65, 59, 59. Aliyense malikisi ake onse ndi 390, avereji 65. Koma woyamba APS yake ndi 33, wachiwiri ndi 28. Ana ofanana nzeru asiyana ndi mapointi asanu chifukwa cha mmene mizere idadulidwira. Kuonjezera apo, mayunivesite a Wits ndi Cape Town ali ndi njira zawozawo zowerengera. Ndipo mwana wobwera ndi satifiketi ya kwathu sangangodzisinthira yekha magiredi ake. Pali mabungwe oona zimenezo, monga SAQA ndi Matriculation Board ya Universities South Africa, onse ali konkuno ku Pretoria.

N'chifukwa chake ndimauza ophunzira anga kuti asanawerengere chilichonse afunse mafunso anayi. Kodi ndi maphunziro ati amene akuwerengedwa? Kodi onse amalemera mofanana? Kodi phunziro limene ndidalephera n'kubwereza likulowamo bwanji? Kodi 64.5 amamukweza kukhala 65 kapena ayi? Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Kodi wokhoza m'kalasi ndiye woyendetsa bwino?

Tsopano ndinene mbali ina, chifukwa sindikufuna kuti mumve ngati ndikupembedza avereji. Maganizo a makampani a ku America aja ndi akuti mwana wosamala pa maphunziro amakhalanso wosamala pamsewu. Kwa kampani imene ikuyang'ana anthu zikwizikwi nthawi imodzi, kuganiza kotere kungathe kuithandiza pa malonda ake. Koma ife aphunzitsi sitiyang'ana zikwizikwi. Timayang'ana mwana mmodzi amene tikumudziwa dzina ndi kwawo.

Timadziwa kuti avereji siyesa khama lokha. Imayesanso ngati kunyumba kuli magetsi, ngati mwana wadya, ngati akulemba mayeso m'chilankhulo chachitatu, ndiponso ngati madzulo amawerenga kapena amagulitsa mandasi. Mwana amene amalera abale ake n'kupeza 58 angathe kukhala wosamala kuposa mnzake wa 75 amene sadatsukepo mbale. Tikamanga mtengo wa zinthu pa avereji, nthawi zambiri wochotseredwa amakhala amene ali nazo kale. Taganizaninso za inu eni. Mumaphunzitsa tsiku lonse, mumachonga makope madzulo, kenaka mumatsegula buku lino usiku ana atagona. Pa malamulo a ku America aja ambiri a inu simukadachotseredwa kalikonse, chifukwa mwapitirira zaka 25 ndipo si inu ophunzira a tsiku lonse. Kodi zikutanthauza kuti ndinu osasamala?

Kwa ine, ngati tikufuna kudziwa mmene munthu amayendetsera, tiyese kayendetsedwe kakeko. Kampani ya Discovery Insure, imene idayamba mu 2011 kuno ku South Africa, imagwiritsa ntchito kachipangizo koyesa liwiro, kagwiridwe ka mabuleki ndi kakhotedwe, n'kumapereka mphoto kwa oyendetsa bwino. Njira imeneyi ili ndi vuto lake, poti kampani imadziwa kulikonse kumene wapita. Komabe ikuyesa chinthu chenichenicho. Phunziro kwa ife ndi lakuti nambala iliyonse ili ndi malire a zimene inganene. Tiphunzitse ana kuwerengera avereji molondola, komanso tiwauze mosabisa kuti avereji si khalidwe lawo, ndipo si mtengo wawo ngati anthu.

Mayesero amene amatipeza

Nambala ikakhala ndi mtengo, anthu amabwera kudzagogoda pakhomo pa mphunzitsi. Aliyense wa ife adamvapo mawu awa: "Aphunzitsi, n'kamodzi kokha, tangomuonjezerani." Ndipo kunena zoona, ukaona 69 wa mwana amene ukudziwa mavuto a kwawo, dzanja limayabwa.

Ine ndikuti tisaonjezere. Ndikamuonjezera wa 69 amene mayi ake adziwa njira yobwera kwa ine, ndam'bera wa 69 mnzake amene mayi ake ali kumunda. Ndiponso satifiketi ya sukulu imene imadziwika kuti imaonjezera malikisi imatsika mtengo kwa ana onse. Chifundo chenicheni chichitike msanga, osati pa tsiku lomaliza. Mwana adziwe pakati pa teremu kuti ali pa 63 ndipo akufunika 65, nthawi yoti n'kukonza ikadalipo. Ngati takayika pa kachongedwe kathu, tipemphe mphunzitsi mnzathu achongenso pepalalo poyera.

Chimodzimodzinso pa inshuwalansi. Makolo ena pofuna kutsitsa mtengo amalembetsa kuti woyendetsa galimoto kawirikawiri ndi iwo, pamene ndi mwana. Ngozi ikachitika kampani ikazindikira, imatha kukana kulipira. Amene akuona kuti kampani yamulakwira angathe kukadandaula ku National Financial Ombud Scheme, imene idayamba ntchito mu 2024, koma amene adanama pa fomu amapita kumeneko miyendo ili yolemera.

Zimene ena anganene

Mnzanga wina adanditsutsa kuti ndikaphunzitsa ana zimenezi ndiwasandutsa osaka malikisi, ndipo adzanyoza maphunziro ang'onoang'ono. Nkhawa yake ndi yomveka. Koma ana a anthu ophunzira amadziwa kale kawerengeredwe kameneka, amauzidwa patebulo pakudya. Amene sadziwa ndi mwana wa mayi wogwira ntchito m'nyumba. Tikakhala chete sitikuteteza maphunziro, tikungosiya chinsinsi m'manja mwa ochepa. Komanso samu yomweyi imaonetsa kuti phunziro laling'ono silotaya: pa pepala la mnyamata uja, Chingerezi ndi Kompyuta ndi zimene zidakweza avereji kuchoka pa 57 kufika pa 63.

Wina adati palibe chifukwa chovutikira poti kompyuta ya kusukulu imawerengera yokha. Zoona, koma kompyuta imakuuza chaka chitatha. Ndiponso amene amalowetsa malikisi ndi munthu, ndipo munthu amatha kulemba 47 m'malo mwa 74. Amene sadziwa kuwerengera sangazindikire n'komwe kuti pali cholakwika.

Mnyamata uja tidawerengera naye kuti popeza theka lachiwiri la chaka lidali ndi makirediti ofanana ndi loyamba, ankafunika 67. Adasintha ndondomeko yake yowerengera n'kuika maola ambiri pa Masamu. Kagalimoto kaja adakaimika kaye pabwalo. Mu Disembala amene adabwera ndi pepala si iye, koma mayi ake. Adali atachulukitsa ndi kugawa okha kumbuyo kwa envelopu, ndipo adangofuna kuti ndione ngati 65.5 amene adapeza pa chaka chonse adali wolondola. Adali wolondola.

Zoti muchite musanapitirire

1. Tengani zotsatira zanu za maphunziro amene mukuchitawa. Werengerani avereji m'njira zonse ziwiri, yongophatikiza ndi yoganizira makirediti. Kodi zasiyana bwanji?

2. Funsani ku ofesi ya sukulu yanu mmene malikisi a m'kati mwa teremu ndi a mayeso omaliza amaphatikizidwira. Fotokozerani kalasi lanu, ndipo mwana aliyense awerengere pamene ali lero.

3. Konzani samu imodzi ya avereji yochokera pa malonda a pamsika wa kwanuko, monga chimanga, usipa kapena makala. Iyeseni ndi ana, kenakanso ndi makolo pa msonkhano wawo wotsatira.